Zikwama za Mainess ndi Nsalu Yotsala pa Mabokosi

Dzuwa likapendeka ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, akazi ankatuluka ndi mabeseni kukatola tizidutswa ta matabwa kwa akalipentala, poti zaka zimenezo thumba la makala linkafuna kulingana mtengo ndi mbuzi yabere. Zinali zaka za mizere. Mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. Ukangoima m'njira kuti ukande mwendo, potembenuka unkapeza anthu atandanda kumbuyo kwako mpaka ku Mtendere, osadziwa n'komwe chimene chikugulitsidwa. Akazi enawo ankapita kumatabwako atavala mapatapata ndi zitenje zothimbirira. Mainess yekha ankapitako pa nsapato za gogoda, milomo ili psuu, chikwama chili paphewa, beseni atalinyamulira patali ngati la munthu wina.

Nkhani ya mkazi ameneyu yasimbidwa m'mashabini onse mpaka kukomboni ya George, koma oisimbawo anangoitola m'njira ngati chitsa cha fodya. Mwini wake ndine, ndipo sindiwonjezera ngakhale kanjere ka mpiru.

Chikwama chija anasoka yekha. Mwamuna wake atamwalira, achibale anasesa m'nyumba monse mpaka misomali ya pakhoma, n'kumusiyira makina akale opukusa ndi dzanja ndi jekete lachikopa long'ambika kukhwapa. Wina akanakhala pansi n'kumalira. Mainess analidula jeketelo, n'kulilumikiza ndi chitenje chachikasu, lamba wa malemuyo n'kukhala chokolekera. Tsiku limene anatuluka nacho, minibasi ziwiri zinagundana pamsewu, madalaivala onse makosi atapotokera kwa iye. Pampopi akazi anaiwala zidebe, madzi akusefukira.

"Ba Mainess, nisokeleniko naine," anatero Maggie, wogulitsa tomato pamsika.

"Chikwama ningakusokele," anayankha Mainess, akumuyang'ana kuyambira kumapazi. "Kayendedwe sininga."

Anasokabe, ndipo bizinesi inayambira pomwepo. Kunja kwa zikwamazo kunalibe chonena. Vuto linali m'kati. Nsalu yofewa yoyalira m'kati inali itasowa m'masitolo monse, ndiye iye ankachapa matumba akale a fulawa n'kumaikamo. Tsiku lina anawoloka msewu kupita kumayadi, kumene kuli nyumba za mipanda ndi agalu odya kawiri. Dona wina wa kumeneko anachitembenuza chikwama, anachikonda, kenako anachitsegula n'kununkhiza. Anaseka mpaka kugwira pachipata.

"Mwafakamo saka ya unga? Manje nizisungamo chani, ndiwo?"

Mlonda wa pachipata nayenso anaseka. Mainess anabwerera, gogoda akulira kwa, kwa, kwa, m'fumbi. Njala ankaipirira mkazi ameneyu, umasiye ankaupirira, koma kusekedwa ayi. Analumbira mumtima kuti palibe munthu adzamusekenso, ngakhale dziko ligubuduke.

Madzulo amene ndayamba nawowa, iye analowa pabwalo la mlamu wake Whyson, mng'ono wa malemu mwamuna wake. Whyson anali atasiya kukhoma mipando, poti munthu wopanda ufa mpando amaufuniranji? Zimene zinkayenda zinali mabokosi a maliro. A anthu a m'komboni anali matabwa okhaokha. Koma a kumayadi ankawayala m'kati ndi nsalu yoyera yonyezimira, ya timasamba tasiliva, imene anatola mpukutu wathunthu pamene sitolo ina ya makatani inkatsekedwa m'tauni. Mainess anapeza mlamuyo akupinda kachidutswa kotsala, n'kukaika kumutu kwa bokosi. Maso ake anagwera pomwepo ngati ntchentche pa chilonda.

"Mulamu, kansalu ako kakongola. Nipaseniko."

"Siyani, mulamu. Kali na bene bake."

"Bene bake bandani? Si vosala ivi?"

"Nikapima munthu, nsalu yonse yamene nadula ni yake," anatero Whyson, osakweza mutu. "Vosala nimapinda, nimamuikila kumutu monga pilo. Bamene bananiphunzisa nchito banakamba so. Wakufa saibala chake."

"Azaona bwanji, maso alitseke?"

Whyson sanaseke. Anavundikira bokosilo, anasamba m'manja, n'kupita kushabini monga ankachitira dzuwa likamalowa. Mainess anadzaza beseni lake ndi matabwa. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anatukula chivundikiro, n'kusolola kansalu kaja. Kanali kozizira ngati kachokera m'chitsime. Anatukulanso bokosi lachiwiri, ndi lachitatu, ndi lina limene linali pakona litafunditsidwa lata. Anabisa zonse pansi pa matabwa m'besenimo. M'mawa eni maliro anabwera ndi galimoto kudzatenga mabokosi awo, ndipo iwo za kapilo ankadziwapo chiyani? Anagoneka abale awo mitu ili pa thabwa. Kuyambira pamenepo, Whyson akangopita kushabini, Mainess ankachita zomwezo.

Zikwama zatsopanozo zinapengetsa Lusaka. Mkazi akatsegula chake m'tchalitchi kuti atulutse chopereka, kuwala kwa m'katimo kunkamufika m'busa kumaso mpaka kusokoneza vesi. Akazi ankagona ndi njala kuti agule. Ena anagulitsa mapoto. Aliyense ankafuna kuyenda ngati Mainess, ndipo misewu inadzaza ndi akazi opendekera kumodzi ngati nkhuku zothyoka phiko. Iye mwini chikwama chake chakale sanachisinthe, ankati alibe nthawi. Munali thumba la fulawa lomwe lija, ndipo sankachitsegula konse, poti munalibe kanthu. Chinali chongoonetsa.

Choyamba chinabwera ndi fungo. Nthawi imene utsi wa mbaula umayalana pamwamba pa madenga, m'nyumba zina munayamba kumveka fungo la thabwa longopala kumene, losakanizika ndi la dothi lonyowa, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa ngati mphika. Kenako kunabwera phokoso. Chikwama chili pamsomali, popanda wochikhudza, m'katimo munkamveka khwee, khwee, ngati chikhadabo chikufufuza pansalu. Mfiti za kumudzi zimadikira anthu agone. Izi zinkabwera ana akusewerabe panja, ndiwo zili pamoto.

Pampopi, Maggie anatula chikwama chake pansi n'kumadzisisita paphewa.

"Chalema masiku yano ichi."

"Mwafakamo chani?" anafunsa Anna Chilekwa, mkazi wa wowotcherera zitsulo, amene nayenso anali nacho chake.

"Kulibe. Kiyi na kansalu kopukutila chabe."

"Khutulani tione."

Maggie anachigadabuza. Munatuluka kiyi, kansalu, kenako dothi lofiira, lonyowa, lokwana dzanja. Anna analipondaponda ndi patapata n'kunena kuti ndi ana amenewo. Koma madzulo omwewo anakhutula chake kuseri kwa nyumba, ndipo zimene anaona sanauze munthu.

Phewa la Maggie linayamba kutsika. Sabata ndi sabata linkatsika, mpaka dzanja lake lamanzere linkakhudza bondo ali chiimire. Chikwamacho ankachisiya kunyumba, komabe ankayenda ngati wachinyamula. Anamupeza atafa chisisira china pa benchi yake ya tomato, maso ali tong'o, mkono utalowa m'chikwama mpaka m'chigongono. Amuna a pamsika anakoka mkonowo mpaka thukuta, ngati kuti m'katimo muli wina amene akukokera kwake. Anna Chilekwa anatsatira. Kenako mphunzitsi wina wa ku Mtendere, kenako mkazi wa dalaivala. Onse phewa limodzi lili pansi.

Ena ankati ndi kolera, popeza nayo inali m'tauni. Koma kolera ndi liti inapinda munthu phewa? Mphekesera zinayamba kuzungulira ngati ntchentche, kufunafuna potera. Zikwamazo palibe anazikayikira. Mkazi angakayikire chinthu chimene anagulitsira poto? Ankati pali wina amene akuthira dothi la kumanda m'zikwama za anzake chifukwa cha nsanje.

Whyson ndiye anatulukira. Tsiku lina anatukula chivundikiro kuti akonze msomali wopindika, n'kupeza kumutu kulibe kapilo kaja. Anatukula ena. Mowa unamuthera pomwepo. Anamupeza Mainess akupukusa makina pakhonde, nsalu ya timasamba tasiliva ili pamwendo.

"Mulamu, mwapaya banthu."

"Chepesani mawu. Banthu bamafa masiku yonse."

"Bene ba nsalu babwela kutenga vao. Bakapeza munthu agwilila, bamatenga na munthu wamene."

"Manje mufuna nichite chani?"

"Muyende pampopi, mukambe pamaso pa bonse. Vikwama vonse vibwele, tichosemo nsalu, tikaike kumanda na mapemphelo. Mwina bazamvela chifundo."

Mainess anaimitsa makina. Anaganiza za pampopi. Anaganiza za akazi onse aja atamva kuti chimene akhala akunyadira m'tchalitchi ndi pilo wa mtembo. Akanamumenya, zimenezo sankaziopa. Koma pambuyo pake akanaseka, ndipo kusekako kukanafika ku Matero, ku Chawama, mpaka kumayadi kwa dona uja.

"Mukakamba," anatero, akulowetsa ulusi pa singano, "bazaocha mabokosi yanu na imwe mukati. Nsalu ni yanu, mulamu."

Whyson anali mwamuna wa ndevu zambiri ndi mtima wa nkhuku. Anabwerera, n'kuyamba kukhomerera zivundikiro ndi misomali asanapite kushabini. Zinathandizanji? Mainess anali ndi mulu wa zidutswa pansi pa matiresi.

M'mawa mwake anapita pampopi atatchena kuposa masiku onse. Anadikira mzere utalike, kenako anayankhula ngati akudziyankhulira yekha, kuti iye sakunena munthu, koma anaona ba Salome akusisita chikwama cha Maggie pamsika masiku aja. Salome anali gogo wokhala yekha kumapeto kwa komboni, amene ankasambitsa mitembo ya akazi anthu ena akamaopa. Maso ake anali ofiira ndi utsi wa mapepala ndi mapulasitiki amene ankaphikira. Zinakwana. Dzuwa lisanafike pamutu, denga lake linali litaphwanyidwa ndi miyala, ndipo akazi omwewo amene anawasambitsira amayi awo ndiwo ankakuwa kwambiri. Gogoyo anatuluka ndi kamtolo pamutu, magazi akutsika pachipumi. Podutsa pamene panaima Mainess, anaima pang'ono.

"Mwana wanga, ine bakufa nimabaziba," anatero motsitsa. "Sibakwiya musanga. Koma sibabwelela panjila."

Anatsika ndi msewu, ndipo sanaonekenso. Komboni inapuma, ati mfiti yapita. Sabata yomweyo mkazi wina anagwa pamzere wa sopo, phewa lili pansi. Mainess anamva, anapukusa mutu pamodzi ndi anzake, n'kubwerera kukapukusa makina. Anthu amaganiza kuti mfiti ndi youluka pa lichero yokha. Iyi inkayenda pa gogoda masanasana, anthu akuipatsa moni.

Tsono Mainess anali ndi mwana mmodzi, Virginia, wokwatiwa ku Matero, amene ankabwera Loweruka kudzaona amayi ake. Loweruka lina anapeza iwo apita kumzere wa ufa. Kumeneko kokha ndi kumene Mainess sankapita ndi chikwama, chifukwa akuba ankacheka zikwama ndi malezala, ndipo mzerewo unkadya tsiku lonse. Virginia anasesa, anayala bedi, n'kupeza nsalu zokongola pansi pa matiresi. Anatsitsa chikwama cha amayi ake pamsomali, anachitsegula, n'kuona nsanza za thumba la fulawa. Zinamumvetsa chisoni kuti mayi woveka tauni yonse akuyenda ndi chinthu chotere. Anasankha chidutswa chachikulu, anasoka bwinobwino monga anamuphunzitsira amayi akewo, anachikolekanso, n'kukwera minibasi osauza munthu.

Mainess anayenda nacho chikwamacho sabata yathunthu. Akanachitsegula chifukwa chiyani? Phewa litayamba kuwawa, anati ndi makina. Fungo la thabwa litalowa m'nyumba, anati lachokera pansi pa matiresi. Loweruka lotsatira, dzuwa likulowa, ali pakhonde ndi Virginia akusadzula chibwabwa, masamba a maungu aja, anamva kuchokera m'nyumba: khwee, khwee. Analowa pang'onopang'ono. Phokosolo silinkachokera kubedi. Linkachokera pamsomali, ndipo msomaliwo unali utapindikira pansi ndi kulemera.

Anatsegula. Timasamba tasiliva tinamuwalira kumaso.

"Mwaona manje?" anatero Virginia pakhomo, akumwetulira. "Nenze kuyembekeza kuti mukambe zikomo, amama."

"Ndiwe unasoka?"

"Nanga ndani? Siyakongola?"

"Yakongola," anatero Mainess. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Mwanayo atapita, anatenga lezala kuti asomphole msokowo. Ulusi uliwonse umene ankadula, pabowopo pankatuluka dothi lofiira, ndipo akafika kumapeto ankapeza koyambirira kwalumikizana kale. M'mawa anathamangira kwa Whyson, atachikumbatira ndi manja awiri.

"Ni yandani iyi? Niuzeni manda yake, nikamubwezele neka."

Whyson anayeza nsaluyo ndi zala. Anayang'ana mmene inadulidwira. Kenako maso ake anapita pakona, pa bokosi lija lofunditsidwa lata.

"Ilibe manda," anatero. "Ija bokosi banaitanisa bachibale ba bwana winangu, bofulumila chuma. Bwana anapola. Yakhala chabe apo, ilibe mwine."

"Ndiye kulibe wobwela kutenga."

"Mulamu, bokosi siibwelela kumutengo. Yenze kusakila mwine wake." Anamubwezera chikwamacho osamuyang'ana kumaso. "Njila ikali imozi. Yendani pampopi."

Mainess anapita. Zimenezi ndimuchitire umboni, anapitadi. Anavala diresi lake lobiriwira, anadzola milomo, anakoleka chikwamacho ngakhale chinkalemera ngati thumba la simenti. Pampopi panali podzaza, theka la akaziwo zikwama zake zili m'mapewa, ena atayamba kale kupendekeka. Atamva kwa, kwa, kwa, onse anatembenuka monga ankachitira masiku onse. Iye anaima pakati pawo. Anatsegula pakamwa.

"Ba Mainess, koma mwachena lelo," anatero mkazi wina. "Imwe mulibe munzanu mu Lusaka."

Enawo anavomereza. Maso onse anali pa iye, odzaza ndi kusirira kumene ankakudya m'malo mwa nsima. Mainess anawayang'ana mmodzimmodzi, ndi mapewa awo otsikawo. Anawongola khosi.

"Monga masiku yonse," anatero, n'kumwetulira, n'kudutsa.

Anamupeza madzulo ena pakhonde, nthawi ya utsi wa mbaula, mutu uli pa makina, phewa litafika pansi penipeni. Milomo inali yodzoladzola.

Virginia analira kuti amayi ake sangagone m'matabwa okhaokha ngati munthu wamba, apite m'bokosi la kumayadi. Whyson anachotsa lata pakona paja. Sanatenge n'chingwe choyezera chomwe. Atamugoneka, bokosilo linamukwana ngati nsapato, osatsala ngakhale polowa chala.

Kumanda, asanatsitse, anatsegula kumutu kuti anthu aone nkhope, monga mwa mwambo wa m'tauni. Akazi anandanda mzere, poti mizere anali ataizolowera, aliyense chikwama chake cha Mainess chili paphewa pomulemekeza. Woyamba anawerama akulira. Kulirako kunaduka pakati. Sankayang'ana nkhope. Ankayang'ana nsalu yoyera yozungulira mutuwo, ndi timasamba take tasiliva. Anthu a m'komboni anali asanaonepo m'kati mwa bokosi la kumayadi. Anatsegula chikwama chake, anasuzumira, anayang'ananso m'bokosi. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Nyimbo inazima mzere ndi mzere, ndipo m'malo mwake kunkangomveka thapu, thapu, thapu, zikwama zikutsegulidwa kufikira kumapeto kwa mzere.

Palibe anakuwa. Mkazi uja amene anati Mainess alibe mnzake ndiye anayamba: anavula chake n'kuchiponya m'dzenje. Enawo anatsatira. Zikwama zinagwa ngati matalala, chilichonse chikugunda pansi ngati mwala, mpaka okumba manda anachita kulowamo kukazipondereza kuti bokosi lipeze malo. Kenako wina kumbuyo anaseka. Kunali kuseka kowawa, kwa munthu amene wakumbukira poto amene anagulitsa, ndipo kunafalikira mpaka m'busa anatseka buku. Chimene Mainess anaperekera miyoyo ya anthu ndi wake womwe kuti chisachitike chinachitika iye ali chigonere pakati, nkhope ili poyera.

Pofunafuna Whyson, anapeza atazemba kalekale, ndipo pabwalo lake panatsala utuchi wokha. Za Salome palibe anatchula. Aliyense ankayang'ana kumbali dzinalo likafuna kutuluka. Virginia yekha, misozi itauma, anatenga chikwama chachikasu chija, anatukula mutu wa amayi ake, n'kuchiika pansi pake ngati pilo. Mwa onse amene anagona m'mabokosi onyezimira a Whyson nyengo imeneyo, Mainess yekha ndiye anapita ndi nsalu yake yonse.

Mapewa a m'komboni anawongoka mvula isanagwe. Koma zikwama zimene zinalowa m'dzenjemo zinali za ku Kalingalinga ndi ku Mtendere zokha. Zambiri zinali zitawoloka msewu kupita kumayadi, ndipo dona uja wa pachipata, amene anaseka saka ya ufa, ataona timasamba tasiliva anagula ziwiri. Akazi a pampopi ankadziwa zimenezi, poti ena mwa iwo ankamuchapira zovala. M'mawa uliwonse ankalowa pachipata chake, kumupatsa moni mwaulemu, n'kumuyang'ana phewa.